Madzi a m'chigwa cha Zambezi: mafunso amene anthu a ku Tete amafunsa, ndi mayankho ake

Ine ndinabadwira ku Angónia, kufupi ndi Ulongwe, ndipo zaka zanga zambiri zathera m'misonkhano ya makomiti a mijigo ndi magulu a alimi a m'madimba, kuyambira kumtunda kuno mpaka kutsikira ku Moatize. Mafunso ali m'munsiwa ndi omwe anthu amandiponyera pansi pa mtengo wa mango, pa mjigo, ngakhale mu chapa pa msewu wa ku Tete. Ena ndawayankha mwachidule chifukwa safuna zambiri. Ena ndachedwapo, chifukwa ndi pamene pagona nkhani.

Zambezi ndi wamkulu chonchi. Mukamati madzi angativute mukutanthauza chiyani?

Munthu akaima pa mlatho wa Samora Machel mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, kutentha kutapyola madigiri 40, amaona madzi obiriwira akuyenda phee ngati kunja kulibe chilimwe. Ukamuuza zosamala madzi amangokuyang'ana. Komatu madzi akuwaonawo si a mvula ya ku Tete. Mzinda wa Tete umalandira mvula ya mamilimita pafupifupi 600 pachaka, yoti chimanga chimachita kupemphereredwa. Madziwo anagwa kutali, ku Angola ndi ku Zambia, anasungidwa m'damu la Kariba, anasungidwanso m'damu la Cahora Bassa, ndipo akudutsa pa mlathopo pa mlingo umene opanga magetsi aufuna tsiku limenelo.

Chokani pamenepo, lowani msewu wa ku Changara. Musanapite patali mupeza amayi atagwada m'khwawa louma, akufukula mchenga ndi mbale kuti timadzi tisonkhane m'kadzenje, ndowa imodzi kuidikira ola lathunthu. Ambiri a ife m'chigawo chino sitimwa Zambezi. Timamwa timifuleni, zitsime ndi mijigo, ndipo zimenezi ndi zomwe zikuphwa msanga chaka ndi chaka. Pa kalembera wa 1997 anthu a m'chigawo cha Tete sitinkafika 1.3 miliyoni. Pa kalembera wa 2017 tinali titapyola 2.5 miliyoni. Akasupe ndi omwe aja, pakamwa pawirikiza kawiri.

Kodi "chigwa cha mtsinje" n'chiyani kwenikweni?

Ndi dera lonse limene dontho la mvula likagwamo, mapeto ake n'kukalowa mumtsinje umodzi. Zambezi amayambira kufupi ndi Mwinilunga kumpoto chakumadzulo kwa Zambia, nayenda makilomita oposa 2,500 kukafika m'nyanja ya mchere ya Indian. Chigwa chake chimakhudza mayiko asanu ndi atatu: Angola, Namibia, Botswana, Zambia, Zimbabwe, Malawi, Tanzania ndi Mozambique. Kwathu kuno amalowera pa Zumbo, pomwe Luangwa amathira. Kumunsi kwa damu la Cahora Bassa amalandira Luia wochokera ku mbali ya Chifunde ndi Macanga, kenako Revúbuè wochokera ku mapiri a Angónia, Luenha wobwera ndi madzi a Mazowe a ku Zimbabwe, ndipo kupitirira Mutarara amakumana ndi Shire wonyamula madzi a nyanja ya Malawi.

Ndiye kuti mayi amene akutsuka mbale pa kamfuleni ka ku Domwe ndi msodzi wa nkhanu ku Chinde akugwiritsa ntchito madzi amodzimodzi, wina m'mawa wina madzulo. Ndipo ife a ku Mozambique tili kumunsi kwa onse. Chilichonse chimene anzathu achita kumtunda chimadzatipeza. Mu Febuluwale 2025 dziwe la zinyalala za mgodi wa kopa linaphulika ku Copperbelt, asidi n'kulowa mu Kafue, nsomba n'kufa mtunda wautali. Kafue ameneyo amathira mu Zambezi pamwamba pa Zumbo.

Ndimamva akatswiri akunena za "pegada hídrica" ndi "pegada ecológica". Phazi limeneli ndi lotani?

Ukadutsa pa matope umasiya phazi, ndipo wodziwa kulondola amatha kunena ngati padutsa mwana, munthu wamkulu kapena ng'ombe. Ganizo lake ndi lomweli. Phazi la munthu pa chilengedwe ndi kuchuluka kwa nthaka, nkhalango ndi madzi zimene zimafunika kuti iye adye, avale, aphike ndi kuyenda monga amachitira. Anayambitsa kuwerengera kotereku ndi William Rees ndi Mathis Wackernagel kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo mu 2002 Arjen Hoekstra wa ku Netherlands anabweretsa kawerengedwe koyang'ana madzi okha.

Chimene chimadabwitsa anthu pamsonkhano ndi ichi. Timaganiza kuti madzi athu ndi zigubu zija timasenza: zitatu, zinayi patsiku. Koma madzi ambiri amene banja limagwiritsa ntchito ali mu nsima. Powerengera dziko lonse lapansi, kilogalamu imodzi ya chimanga imafuna malita pafupifupi 1,200 kuchokera pobzala mpaka pokolola. Thumba la makilogalamu 50 ndi malita 60,000, kapena kuti zigubu 3,000 za malita 20. Kilogalamu ya mpunga imafuna pafupifupi malita 2,500, ya nyama ya ng'ombe malita oposa 15,000, pamene ya kachewere safika malita 300. Lole yodzaza chimanga ikamatsika kuchokera ku Ulongwe kupita ku Tete kapena ku Beira, yanyamula mvula ya ku Angónia.

Musachite nazo mantha ziwerengerozi. Chimanga cha kumunda chimamwa mvula yomwe ikanagwa ndithu, ndipo phazi lotere ndi lopepuka. Phazi lolemera ndi la madzi amene timachita kuwachotsa mumtsinje kapena pansi pa nthaka m'chilimwe, ndi la madzi amene timawaipitsa moti wina sangawagwiritsenso ntchito. Ziwiri zimenezi ndizo ndimafuna tiziwerenga.

Nanga amene amatha madzi ambiri m'chigwa chonsechi ndani? Alimi kapena mizinda?

Onsewo ayi. Ndi dzuwa, pamwamba pa madamu akuluakulu. Nyanja ya Cahora Bassa ikadzaza imaphimba malo pafupifupi masikweya kilomita 2,700, Kariba kuposa 5,000, ndipo zonsezi zili m'zigwa zotentha kwambiri. Madzi okwera kumwamba ngati nthunzi kuchokera m'madamu a m'chigwa cha Zambezi amaposa gawo limodzi mwa magawo khumi a madzi onse oyenda mumtsinjewu pachaka. Ulimi wothirira ndi mipopi ya m'mizinda yonse kuziphatikiza sizifikapo. Ndiye magetsi a madzi, ngakhale alibe utsi, ali ndi phazi lawo, ndipo magetsiwo akagulitsidwa kunja phazilo limatsala kuno.

Cahora Bassa inatipindulira kapena inatiwonongera?

Funso ili limabwera ndi mkwiyo kapena ndi kunyada, kutengera kumene wofunsayo amakhala. Ndiyankha mbali zonse ziwiri chifukwa zonse ndi zoona.

Ntchito yomanga inayamba mu 1969 pansi pa Apwitikizi, khoma linatsekedwa kumapeto kwa 1974. Ndi lalitali mamita 171, lili ndi makina asanu otulutsa mamegawati 2,075 onse pamodzi, ndipo chingwe chake chimachoka ku Songo kukafika ku Apollo, ku South Africa, mtunda wa makilomita pafupifupi 1,400. Pa 27 Novembala 2007 dziko lathu linatenga magawo 85 pa 100 alionse a kampani ya HCB yoyendetsa damuli, ndipo tonse tikukumbukira chisangalalo cha nthawi imeneyo. Ndalama zimene damuli limalowetsa m'thumba la boma si zamasewera. Nsomba za kapenta, zomwe zinabwera kuchokera ku Kariba zitatengedwa ku nyanja ya Tanganyika m'zaka za m'ma 1960, lero zikudyetsa mabanja ambiri ku Mágoè ndi ku Cahora Bassa.

Mtengo wake unalipidwa ndi ena. Anthu oposa 25,000 anachotsedwa m'mphepete mwa mtsinje n'kukaunjikidwa m'midzi ya chikakamizo ija ya aldeamento, kusiya minda ndi manda a makolo pansi pa madzi. Ndipo kumunsi kwa khoma mtsinje unataya nyengo zake. Kale Zambezi ankadzaza pakati pa Januwale ndi Epulo, kusefukira pang'onopang'ono m'zigwa, n'kubwerera atasiya makande akuda. Anthu ankatsata madziwo pamene akuphwera, kubzala chimanga, mbatata ndi nyemba popanda feteleza, ndipo chaka cha chilala ankapulumukira pomwepo. Nsomba zinkaswana m'madzi osefukirawo. Lero matope aja amakhazikika pansi pa nyanja, madzi otuluka ndi oyera, anjala, amene amadya gombe m'malo molimanga. Ku mathiriro a mtsinje, ku Marromeu ndi ku Chinde, madambo anauma, madzi a mchere analowa mkati, ndipo nkhanu za camarão za ku gombe la Sofala, zomwe ana ake amakulira m'mitengo ya m'matope a kumathiriro, zinachepa.

Palinso choopsa china chimene anthu sachiganizira. Mtsinje ukakhala zaka osasefukira, anthu amamanga nyumba pa njira yake. Koma madzi saiwala khwawa. Mu Malichi 1978 zitseko zonse zisanu ndi zitatu za damu zinatsegulidwa nthawi imodzi, anthu anafa ndipo ena oposa 200,000 anathawa m'nyumba zawo. Mu 2001, 2007 ndi 2008 a ku Mutarara anaziona zomwezo. Ine maganizo anga ndi akuti damu likhoza kuyendetsedwa mwa njira ina: kutulutsa dala madzi ochulukirapo kwa masabata ochepa mu Febuluwale, molengeza, kuti kumunsi kuone kachigumula kakang'ono ka nthawi yake. Akatswiri a zachilengedwe akhala akupempha zimenezi kuyambira zaka za m'ma 1990. Magetsi angachepeko pang'ono, inde. Koma msodzi wa ku Chinde nayenso ndi mwini damu.

Chinachitika n'chiyani mu 2024?

El Niño, kusintha kwa nyengo kuja kobweretsa chilala kuno, anadula mvula pakati pa dzinja la 2023 ndi 2024, chimanga chili pa ngaiyaye. Zambia, Malawi ndi Zimbabwe analengeza kuti mayiko awo agwa m'ngozi ya chilala. Ku Kariba madzi anatsika moti mbali ya Zambia inatsala ndi makina amodzi mwa asanu ndi limodzi, Lusaka n'kumakhala mumdima pafupifupi tsiku lonse. Kariba akamachepetsa zotulutsa, Cahora Bassa amalandira zochepa, ndipo pofika kumapeto kwa chakacho nyanja yathu inatsika kuposa mmene inatsikirapo pa zaka makumi angapo. Asodzi ankakoka mabwato mtunda wautali pa matope ong'aluka kuti apeze madzi. Chitsime chimadziwika kuya kwake chikaphwa. Chaka chimenechi chinatisonyeza kuti madamu awiri aakuluwa, amene timawaona ngati nkhokwe zosatha, mvula ikangokana kawiri motsatizana amagwada.

Ife a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga, Zambezi sitimuona n'komwe. Zikutikhudza bwanji?

Apa ndiye pamtima panga. Kumtunda kuno mvula imafika mamilimita 1,000 ndi kupitirira pachaka, pafupifupi kuwirikiza kawiri ya ku Tete. M'chigawo chino ndife denga limene madzi amayambira kutsika. Ndipo chimene chimasunga madziwo si thanki kapena khoma la simenti. Ndi dambo.

Ndili mwana, kumunsi kwa mudzi wathu kunali dambo limene tinkadyetsako ng'ombe. Ukaponda pakati pake nthaka inkanjenjemera ngati mphasa yoyalidwa pa madzi, ndipo phazi ukalizula, dzenje lake linkadzaza timadzi takuda tozizira. Agogo ankatiletsa kulowetsa ng'ombe ku diso la dambo, kumene kunali mitengo ya katope ndi chiwale. Ankati kuli njoka yaikulu yosunga madzi. Tinkaopa, ndipo kasupe ameneyo sankaphwa ngakhale mu Novembala. Chaka chatha ndinapitako. Katope anadulidwa, pa diso pali mizere ya kabichi, ndipo pakati pa dambo padutsa chigwembe chakuya kuposa msinkhu wanga, makoma ake ofiira. Mayi wina, mlamu wa amalume anga, anali pansi m'chigwembemo akutunga ndi chikho. Nditawafunsa anangoti, "Mwananga, madzi anathawira pansi, ndiye tikuwatsatira."

Dambo limagwira ntchito ngati chinkhupule. Limamwa mvula ya Januwale n'kumaitulutsa pang'onopang'ono mpaka Okutobala. Ukalikumba ngalande kuti liume ulimemo, ukadula mitengo ya m'mbali, ukalitentha chaka ndi chaka, ng'ombe n'kuliponda mpaka kulimba ngati bwalo, mvula imangodutsa pamwamba tsiku lomwelo. Zotsatira zake ndi ziwiri, ndipo ndi mapasa: chigumula m'dzinja, chilala m'chilimwe.

Amene amalandira chigumulacho ndi abale athu a kumunsi. Mu Malichi 2019 Revúbuè anadzuka usiku n'kulowa m'nyumba za ku Chingodzi ndi Matundo. Mu Januwale 2022, nthawi ya namondwe Ana, anawononga mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize, ndipo madzi anatenga miyoyo ya anthu, kuphatikizapo mkulu wa boma la Tete amene ankapita kukaona za ngoziyo. Mvula ya masiku amenewo inali yoopsa payokha, ndipo palibe dambo likanaimeza yonse. Koma phiri lometedwa ndi dambo long'ambika zimathamangitsa madzi ndi kuwasenzetsa mchenga, ndipo mchengawo ukadzaza mumtsinje, ngakhale mvula wamba imasefukira. Revúbuè yemweyo mu Okutobala amasanduka msewu wa mchenga, pamene zitsime zina zomwetsa Tete ndi Moatize zimadalira madzi obisala pansi pa mchenga umenewo.

Ndiye mukuti tisiye kulima madimba? Tidya chiyani?

Ayi, ndipo aliyense wokuuzani zimenezo sanagonepo ndi njala. Dimba ndilo limalipira sukulu ya ana kuno. Kachewere wa ku Tsangano, tomato, kabichi ndi anyezi wa ku Angónia ndi amene amadzaza misika ya ku Tete. Nkhani ndi ya malo ndi kathiridwe.

Limani m'mbali mwa dambo, diso lake ndi mzere wa pakati pomwe madzi amayenda muzisiye ndi udzu wake. M'mphepete mwa mtsinje siyani kamzere ka bango, nsenjere kapena vetiva, khasu lisafike pa gombe. Lamulo la malo la 1997 limati mamita 100 kuzungulira kasupe ndi malo otetezedwa, ndipo pa madamu ndi mamita 250. Makolo analidziwa lamuloli lisanalembedwe, anangolinena m'chinenero cha njoka.

Za motobomba ndilankhule mosabisa. Kale munthu ndi kheni ankathirira kadimba kolingana ndi mphamvu za msana wake, ndipo mtsinje unkapirira. Lero pa kamfuleni kamodzi pali mapampu a injini khumi, aliyense akusefukiza munda masana dzuwa lili pamutu, theka la madzi n'kuuluka kapena kuthawira m'njira. Wa kumunsi akabwera kudzatunga apeza matope, mawa lake mlandu kwa a nyakwawa. Magulu amene ndawaona akuchita bwino amagawana masiku, amathirira m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, amaphimbira mabedi ndi udzu, ndipo amagwirizana kuti Okutobala akafika pali mlingo umene pampu iliyonse imazimitsidwa kuti akumwa atsale. Kumbukirani kuti milimita imodzi ya madzi pa hekitala imodzi ndi malita 10,000. Mukachepetsa kuthirira kosafunika ndi mamilimita asanu okha, mwasiyira mudzi wa kumunsi zigubu 2,500.

Mankhwala a tomato nawonso: sipuleya isatsukidwire mumtsinje, ndipo botolo lotha lisatayidwe m'ngalande.

Makala ndi fodya zikulowa bwanji pa nkhani ya madzi?

Mtengo ndi khomo limene mvula imalowera pansi. Masamba ogwa amatchinga dontho kuti lisamenye nthaka, mizu imatsegula tinjira. Thumba lililonse la makala loimikidwa m'mbali mwa msewu wa ku Zóbuè ndi phazi la mzinda pa nkhalango ya kumudzi: wophika ali ku Tete, chitsa chili ku Moatize kapena ku Chiúta. Wootcha makala sindimuweruza, nthawi zambiri ndiye chokhacho chimene angagulitse chaka cha njala. Koma mudzi ukhoza kupatula mapiri ndi magwero a mitsinje kuti kumeneko nkhwangwa isafike, monga timachitira ndi nkhalango ya kumanda, yomwe m'midzi yambiri ndi yokhayo yatsala ndi mitengo yachilengedwe. Zitsa za msuku, mombo ndi tsamba zimaphukanso zokha mukaziteteza ku moto ndi mbuzi, ndipo zimakula msanga kuposa mbande yobzala.

Fodya amadya mitengo pa zigafa ndi mikangala, ndiponso nazale zake zimakhala m'mphepete mwa mitsinje nthawi imene madzi ali ochepetsetsa. Wolima fodya akhale ndi kamunda kake ka mitengo. Koma bulugamu abzalidwe kumtunda. Pa dambo kapena pafupi ndi chitsime amamwa osapuma chaka chonse.

Nanga migodi? Mukungonena za ife osauka, akuluakulu mukuwasiya.

Sindiwasiya. Phazi la mlimi wa kheni ndi phazi la mgodi sizingayezedwe ndi muyezo umodzi.

Malasha a ku Moatize anayamba kutuluka mochuluka mu 2011 ndi kampani ya Vale, yomwe mu 2022 inagulitsa mgodiwo kwa Vulcan. Wa ku Benga, umene uli m'mphepete mwa Revúbuè, unadutsa m'manja mwa Riversdale ndi Rio Tinto usanafike kwa ICVL mu 2014. Mgodi wa malasha umafuna madzi otsukira malashawo ndi othira m'misewu kuti fumbi ligone. Dzenje likazama limakoka madzi a pansi ozungulira, ndipo miyala yofukulidwa ikakumana ndi mpweya ndi mvula imatha kutulutsa madzi a asidi kwa zaka zambiri mgodi utatsekedwa kale. Mabanja oposa 1,300 anasamutsidwa pakati pa 2009 ndi 2010 kupita ku Cateme ndi ku 25 de Setembro, ena pambuyo pake ku Mualadzi. Ambiri anachoka pafupi ndi mtsinje kupita kouma. Mu Januwale 2012 a ku Cateme anatseka njanji podandaula, ndipo mu 2013 bungwe la Human Rights Watch linalemba za kusowa kwa madzi ndi minda yabwino m'malo atsopanowa. Chimene ndimafuna ine n'choti zotsatira za kuyeza madzi ozungulira mgodi uliwonse zizipachikidwa poyera pa ofesi ya boma, m'chinenero choti mayi wotunga madziwo amve.

Golide ndi nkhani ina, ndipo ili m'manja mwa ana athu omwe. Magarimpeiro, okumba golide ndi manja, a ku Chifunde, Macanga ndi Marávia, komanso a m'mbali mwa Luenha ndi Mazowe, amatsukira dothi mumtsinje mpaka madzi kufiira ngati thobwa la mawere. Choopsa kwambiri sichioneka ndi maso: mekyule, mankhwala onyezimira aja ogwirira golide. Akawotchedwa amalowa m'mapapo a wowotchayo, otsala amakhazikika m'matope n'kulowa mu nsomba, ndipo amawononga ubongo, makamaka wa mwana amene ali m'mimba. Kuwiritsa madzi sikuwachotsa. Certeza, mankhwala othira m'madzi akumwa, amapha tizilombo ta kolera, koma pa mekyule alibe mphamvu. Kukumba dziwe lotsukiramo patali ndi mtsinje, kuti matope akhazikike madzi asanabwerere, ndi chinthu choti gulu la anyamata lingachite ndi mafosholo awo omwewo.

Mphanda Nkuwa ikamangidwa zidzasintha chiyani?

Mphanda Nkuwa ndi damu lina la magetsi limene akufuna kumanga pa Zambezi. Malo ake ali makilomita pafupifupi 60 kumunsi kwa Cahora Bassa, ndipo akuti idzatulutsa mamegawati 1,500. Mu Disembala 2023 boma linasainirana ndi gulu la makampani a EDF, TotalEnergies ndi Sumitomo. Nyanja yake idzakhala yaing'ono kwambiri poyerekeza ndi Cahora Bassa, choncho madzi ouluka ndi dzuwa adzakhala ochepa, ndipo dziko likufunadi magetsi. Bungwe la Justiça Ambiental lakhala likutsutsa ntchitoyi kwa zaka zoposa makumi awiri, ponena za mabanja a ku Marara, Chiúta ndi Cahora Bassa amene adzasamutsidwe.

Ine zimandidetsa nkhawa ndi ziwiri. Luia amathira mu Zambezi pakati pa madamu awiriwa, ndipo ndi umodzi mwa mitsinje yotsala imene imabweretsabe matope achonde ndi madzi a nyengo yake. Khoma latsopano lidzawagwira. Chachiwiri ndi kayendetsedwe: ngati makina azidzatsegulidwa kwambiri madzulo pamene magetsi akufunika n'kuchepetsedwa usiku, madzi azidzakwera ndi kutsika tsiku lililonse, ndipo madimba a pa zilumba ndi m'magombe a kufupi ndi Tete ndiwo adzayambe kulira. Pa misonkhano yofunsa maganizo a anthu, funsani zimenezi, ndipo pemphani kuti yankho lilembedwe.

Nsomba zikuchepa. Ndi damu kapena ndife?

Zonse. Za damu ndanena kale. Mbali yathu ndi neti ya udzudzu imene tinalandira kuchipatala n'kukaikokera m'madzi. Imakokolola ndi mazira omwe. Pende, mcheni ndi mlamba zimaswana nthawi ya mvula m'malo osaya a udzu, ndipo nyengo yoletsa usodzi inaikidwa chifukwa cha zimenezi. Chikowa, nsomba youma ija, chimene timanyadira pa msika chikucheperachepera msinkhu, ndipo aliyense wogula akudziwa.

Madzi ali ndi mwini? Ndikadandaule kuti?

Lamulo la madzi la 1991 limati madzi ndi a boma m'malo mwa anthu onse. Kumwa, kuchapa, kumwetsa ziweto ndi kuthirira kadimba popanda makina ndi ufulu wa aliyense, kopanda chiphaso kapena malipiro, ndipo kumabwera patsogolo pa ntchito zina zonse. Wopatutsa mtsinje, wopopa ndi makina akuluakulu kapena wotayira zoipa m'madzi amafunika chilolezo cha ARA-Centro, ofesi ya boma yoyang'anira madzi imene kale tinkaidziwa kuti ARA-Zambeze. Za chigumula ndi chilala ndi INGD, bungwe la boma loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Pakati pa mayiko pali ZAMCOM, komiti yoona za madzi a Zambezi, yomwe pangano lake linasainidwa ku Kasane mu 2004 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2011, likulu lake ku Harare.

Koma mlandu wa madzi uyambire pafupi: komiti ya madzi, a nyakwawa, a mfumu, kenako ku posto. Pitani gulu, mutalemba tsiku limene madzi anasintha mtundu kapena kuphwa, ndi chithunzi cha pa foni. Ndinaperekezapo mudzi wina kukadandaula za munthu amene anatseka mfuleni ndi matumba a mchenga. Ulendo woyamba tinapita ndi pakamwa pokha, tinabwezedwa. Wachiwiri tinapita ndi kope lolembedwa masiku ndi mayina a mabanja okhudzidwa, ndipo matumba anachotsedwa sabata yomweyo.

Mjigo wathu umaphwa Okutobala aliyense. Tikumbe wina?

Musanasonkhe ndalama, yambani mwadziwa ngati waphwa ndi mjigo kapena ndi nthaka. Mukapopa chogwirira n'kumapepuka, madzi osabwera ngakhale m'mamawa, kawirikawiri ndi marabala a pansi amene atha kapena paipi yang'ambika, ndipo mmisiri wa komiti akhoza kukonza tsiku limodzi. Koma ngati m'mamawa umatulutsa ndowa khumi kenako n'kuyamba kutsokomola mpweya, mukaupumitsa ola n'kutulutsanso pang'ono, ndiye kuti madzi a pansi atsika. Kukumba wina pambali pake kuli ngati kuika mapesi awiri m'chikho chimodzi.

Mjigo umamwa mvula imene inalowa m'nthaka kumtunda kwake. Ndiye kwerani mukaone kumtundako. Minda ya pa chitunda ikhale ndi akalozera ndi mizere yopingasa, yotsekedwa ndi ngonyeka kuti madzi aime m'khwawa la mzere m'malo mothamanga. Mapesi asatenthedwe, agonekedwe pansi. Tizigwembe titsekedwe ndi miyala tikadali tating'ono, kuyambira kumutu kwake. Chimbudzi ndi khola zikhale kumunsi kwa mjigo, mamita osachepera 30. Ntchito imeneyi siyankha chaka chomwecho, imafuna madzinja awiri kapena atatu.

Ndipo sankhani munthu mmodzi, kaya mwana wa sukulu, azilemba m'kope tsiku limene mjigo wayamba kutsokomola ndi tsiku limene wabwerera, chaka ndi chaka. M'mudzi wina kufupi ndi Domwe amene amasunga kope lotere ndi mayi wachikulire, msungichuma wa komiti. Amalisunga m'jumbo limodzi ndi khadi la kuchipatala, ndipo pamsonkhano uliwonse wa Seputembala amayamba ndi iye kuwerenga masiku a chaka chatha, anthu asanakambe za ndalama.